Chimbale chikuzungulira koma mawu kulibe: za ma home theatre athu kuno kumapiri



Zaka zonse zomwe ndagwira choko m'sukulu za kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, sindikumbuka mwana wakale amene anandiimbirapo foni kufunsa za maatomu kapena malamulo a Newton. Zimenezo zinathera m'chipinda cha mayeso a MSCE. Koma funso lakuti, "Aphunzitsi, home theatre ija ndinatumizira amayi yasiya kulira, nditani?" limabwera kawirikawiri, makamaka Disembala akamayandikira. Wina akuimba ali ku Johannesburg, wina ku Cape Town, wina ali pa Area 25 pompa. Nawo aphunzitsi anzanga, ampulifaya ya pasukulu ikangoti zii, amatuma mwana kuti akaitane wa Physics. Ndiye ndati ndilembe zonse pamodzi kuti tithandizane, mayunitsi anu asamathere kwa ine.

Mfundo yanga ndi imodzi. Pa makina onse omwe ndaitanidwa kukaona, ochuluka sanali akufa ayi. Anali amoyo ndithu, kungoti mawu anadukira penapake m'njira. Munthu wodekha, wotsata njira ya mawuwo pang'onopang'ono, amapeza pomwe adukira asanawononge ndalama. Kuno ndalama ya home theatre sitola pansi. Wina wagulitsa mabelo a fodya ku Kanengo, wina soya kapena kachewere, wina wagona ndi njala ku Joni kuti makolo ake azionerako makwaya. Chinthu chotere chikakhala chete, m'nyumba mumalowa mkangano, ndipo woyamba kulozedwa chala amakhala mwana.

Njira ya mawu

Tiyambe ndi kudziwa momwe mawu amayendera. Poyamba pali kochokera mawu: DVD, dikoda, TV, foni kapena fulashi. Kenaka pali chingwe chotenga mawuwo kupita nawo ku chibokosi cholemera chija, chomwe pa katoni amalemba kuti receiver koma ife timangoti ampulifaya kapena ampu. Pa ma home theatre otchipa ampuyo imakhala m'kati mwa bokosi la woofer. Ntchito yake ndi kusankha mawu oti amveke ndi kuwapatsa mphamvu. Kuchoka apo pali mawaya opita ku masipika, ndipo pomaliza masipika enieniwo. Malo ake ndi asanu basi. Mawu akasowa, ndiye kuti adukira pa amodzi mwa malo amenewa.

Lamulo lake ndi lomwe lija tinkanena ku labu: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, muone chomwe chachitika, kenaka musinthe china. Anthu ambiri mawu akasowa amazula zingwe zonse, kudina mabatani onse a pa rimoti, kumenya bokosi kumbali, ndiye vuto lomwe linali limodzi lasanduka anayi. Kuthamanga sikufika, abale.

Chida choyamba chopimira muli nacho kale. Ampu zambiri zili ndi wailesi ya FM m'kati. Lumikizani kawaya ka eriyo kumbuyo, sankhani FM, sakani MBC kapena Zodiak. Wailesi ikamveka bwino m'masipika, dziwani kuti ampu ndi masipika zili moyo, vuto lili ku chingwe, ku TV kapena ku dikoda. Ikapanda kumveka, vuto lili ku ampu, mawaya kapena masipika. Mwa mphindi imodzi ntchito yadulidwa pakati.

Musanagwire waya aliyense, onaninso tinthu tomwe timachititsa manyazi. Kodi Mute sinadinidwe? Kodi ampu yasankhidwa pa AUX pomwe chingwe chalowa pa DVD? Kodi pa bowo la mahedifoni palibe kapulagi kotsalira? Ampu zambiri zimadula masipika pabowopo pakalowa kanthu. Zina zili ndi batani la Speakers A ndi B, ndipo mawaya akakhala pa A batani lili pa B simumva kanthu. Masiku ano pawonjezeka Bluetooth, yomwe imagwira pa mtunda wa mamita pafupifupi 10. Ku Mponela ndinapeza bambo wina akutukwana ampu yake, chonsecho inali italumikizika ku foni ya mphwake yemwe ankacheza pakhonde. Ngati mukukayika rimoti, lozetsani kumaso kwake ku kamera ya foni n'kudina batani. Makamera ambiri amaona kuwala kwa infrared komwe maso athu saona, ndiye mudzaona kakuthwanima. Kakapanda kuthwanima, yambani mwasintha mabatire.

Milomo ikuyenda, mawu osamveka

Nkhani yomwe ndimaikumbuka kwambiri inachitika pasukulu ina yoyendera yomwe ndinaphunzitsapo. Ana akale a pasukulupo anasonkha ndalama n'kugula ampu yabwino, masipika asanu ndi woofer. Nthawi imeneyo Romeo and Juliet anali pa silabasi ya Literature, ndipo madamu a Chingerezi anapeza chimbale cha filimu ya 1996, ija ya magalimoto ndi mfuti. Muyenera kumvetsa kuti ana athu ambiri anali asanamvepo Chingerezi cha Shakespeare chikulankhulidwa ndi munthu. Ankangochiona pa pepala, buku limodzi ana angapo. Tsikulo a Fomu 4 anadzaza m'kalasi, ena atayenda mtunda wautali Loweruka, jenereta ikulira panja ndi petulo wosonkherana.

Filimu inayamba. Nyimbo zinkamveka, magalimoto ankamveka, mfuti zinkagwedeza malata. Koma anthu akayamba kulankhula, milomo yokha ndiyo inkayenda, mawu ankangomveka ngati kunong'ona kwa kutali. Ahedi anati, "Aphunzitsi, chimbalechi n'chachinyengo, kapena atigulitsa ampu yakufa." Ine ndinapempha mtsikana wina wa kutsogolo kuti azungulire, aike khutu pa sipika iliyonse, atiuze zomwe akumva. Anabwerako n'kuti, "Sala, masipika alipo anayi, pa katoni ajambula asanu." Yachisanuyo, yaitali chopingasa, munthu wina anaitengera ku ofesi poganiza kuti ndi yapadera.

Chifukwa chake n'ichi. Mawu a mafilimu ambiri a pa DVD amagawidwa m'njira zisanu ndi imodzi, zomwe amazitcha 5.1: kutsogolo kumanzere, kutsogolo kumanja, pakati, ziwiri za kumbuyo, ndi woofer ya mawu okhuthala. Dolby Digital, yomwe inafalitsa kagawidwe kameneka, inayamba kumveka m'nyumba za kanema mu 1992 ndi filimu ya Batman Returns, ndipo inafalikira m'makomo kudzera pa DVD yomwe inatuluka ku Japan mu 1996. Pa kagawidwe kameneka pafupifupi zolankhula zonse zimapita ku sipika ya pakati, kuti mawu azioneka ngati akuchokera pa TV penipeni. Mukaichotsa, ampu imapitiriza kutumiza zolankhulazo ku waya wopanda sipika. Tinaitenga ku ofesi, tinailumikiza, Romeo anayamba kulankhula, kalasi yonse inaomba m'manja ngati kwagoletsedwa chigoli.

Ngati sipika ya pakati mulibe kapena inafa, musataye mtima. Lowani mu Setup ya ampu muike Center pa None, kapena sankhani Stereo. Ampu idzagawa zolankhulazo ku masipika awiri akutsogolo.

Zingwe zakale ndi zatsopano

Ambiri tinakula ndi chingwe cha mitu itatu: wachikasu wa zithunzi, wofiira wa mawu a kumanja, woyera wa mawu a kumanzere. Cholakwika chofala ndi kulowetsa mbali zonse ziwiri pa IN, kapena zonse pa OUT. Mawu amatuluka pa OUT ya dikoda kapena DVD n'kulowa pa IN ya ampu, ngati madzi ochoka pampopi kulowa m'ndowa. Kuno kumapiri tilinso ndi dzimbiri. Chifunga cha mu Juni ndi Julayi, makamaka kufupi ndi phiri la Ntchisi, komanso chinyezi cha m'dzinja, zimadetsa mitu ya zingwezi. Mbali imodzi ikamathetheka kapena kuduladula, zulani mutuwo, pukutani ndi kansalu kouma, bwezerani mukuupotoza pang'ono. Kuti mudziwe ngati cholakwa ndi chingwe, sinthanitsani wofiira ndi woyera ku mbali ya dikoda yokha. Vuto likasamukira ku sipika inayo ndiye kuti likuchokera ku dikoda. Likakhala pomwepo, sinthanitsaninso ku mbali ya ampu, ndipo likasamuka apo, chingwe ndicho chatha.

Chingwe cha optical, chomwe kampani ya Toshiba inayambitsa mu 1983, chimatenga mawu ngati kuwala. Mukachilowetsa ku TV yoyaka, ku mutu winawo kumaoneka kuwala kofiira. Kuwalako kukasowa, ndiye kuti TV sikutumiza kanthu kapena chingwe chinapindidwa mpaka kuthyoka m'kati. Chatsopano chimabwera ndi tizipewa tapulasitiki kumitu, ndipo ndapezapo anthu akukankha mwamphamvu kachipewa kali pomwepo.

HDMI ndiye yasokoneza ambiri. Inayamba mu 2002, ndipo mu 2009 anawonjezerapo ARC, njira yoti TV izibweza mawu ku ampu pa chingwe chomwecho. Mu 2017 kunabwera eARC. Pa mabowo onse a HDMI kumbuyo kwa TV, nthawi zambiri limodzi lokha ndilo lalembedwa ARC. Chingwe chichoke pamenepo kupita pa HDMI OUT ya ampu yolembedwanso ARC. Kenaka mu menyu ya TV muyatse CEC, yomwe kampani iliyonse inaipatsa dzina lake: Anynet+ pa Samsung, SimpLink pa LG, Bravia Sync pa Sony. Musankhenso kuti mawu azituluka ku ampu osati ku masipika a TV. Zikakanabe, zimitsani zonse, zulani kukhoma, dikirani mphindi imodzi, yatsani TV kenaka ampu. Makina awiriwa amayenera kupatsana moni kaye asanayambe kugwira ntchito limodzi, ndipo magetsi akathima mwadzidzidzi nthawi zina amaiwalana.

Palinso vuto lakuti tchanelo china chikumveka, china ayi, kapena filimu ina ya pa fulashi ikumveka, ina zii. Apa zingwe zilibe mlandu. Mawu ena amabwera atapakidwa mwa Dolby kapena DTS, ndipo makina anu mwina sadziwa kuwamasula. Mu menyu ya mawu ya TV kapena dikoda, kaya ndi ya Kiliye Kiliye kaya ya dishi, sakani Digital Audio Out, musinthe kuchoka pa Bitstream kapena Auto kupita pa PCM. Mudzataya zozungulira za 5.1, koma mudzamva. Ndipo DVD ikakana chimbale n'kulemba za region, si kuti yafa. Opanga zimbale anagawa dziko m'zigawo: America ili mu 1, South Africa mu 2, Malawi mu 5.

Ikalemba Protect

Ampu ina imayaka, kenaka n'kumveka kuti "thi", n'kuzima yokha kapena kulemba Protect. Anthu amati yapsa. Kawirikawiri imakhala ikudziteteza kuti isapse. Zimitsani, zulani kukhoma, chotsani mawaya onse a masipika, yatsaninso. Ikayaka bwino, bwezerani sipika imodzi imodzi, mukuzimitsa kaye nthawi iliyonse, mpaka mupeze yomwe ikuigwetsa. Nthawi zambiri mupeza kaulusi kamodzi ka kopa, kochepa ngati tsitsi, kachoka pa chomangira chofiira n'kukhudza chakuda. Sendani waya sentimita imodzi yokha, potani timaulusi tonse pamodzi, mangani bwino.

Chifukwa chachiwiri ndi dyera la masipika. Nyengo ya zinkhoswe ndi maukwati ikafika, ampu ya pabalaza imabwerekedwa, ndipo achinyamata amamangirira sipika iliyonse yomwe aipeza m'mudzi pa zomangira zomwezo. Inu a Physical Science, kumbukirani Georg Ohm, mphunzitsi mnzathu wa ku Germany yemwe anasindikiza lamulo lake mu 1827. Masipika awiri a 8 ohms mukawamanga mwa parallel amakhala 4 ohms. Atatu amakhala pafupifupi 2.7, anayi amakhala 2. Ma ohms akatsika ndi theka, karenti yomwe ampu ikuyenera kutulutsa imawirikiza kawiri. Kumbuyo kwa ampu analembako malire ake, ambiri amati 6 mpaka 16 ohms. Mukapitirira, imatentha n'kudzizimitsa, ndipo yotchipa yopanda chitetezo imangofuka utsi mkwati asanalowe m'bwalo. Masamu omwe munkati sadzakuthandizani aja ndi amenewa.

Chachitatu ndi kutentha. Amayi athu amakonda kuyala kansalu koluka pamwamba pa ampu, n'kuikapo maluwa apulasitiki, kapena kuitsekera mu displeyi ya magalasi. Timabowo ta pamwambapo ndi mphuno zake. Mu Okutobala, pansi pa denga la malata, ampu yofunditsidwa siichedwa kukomoka. Isiyireni mpata wa chikhatho pamwamba ndi m'mbali, ndipo fumbi muzilichotsa ndi kaburashi kouma. Mphemvu ndi nyerere nazo zimakonda kufunda kwa m'katimo.

Mukafuna kudziwa ngati sipika ili moyo, ichotseni ku ampu, mutenge batire ya tochi ya 1.5V, mukhudzitse mawaya ake awiri kamphindi chabe. Yamoyo imamveka kuti "phu". Batire yomweyo imakuuzani waya wa + ndi uti: chipepala cha sipika chikatulukira kunja, waya yemwe ali kumutu kwa batire ndiye wa +, wopita pa chofiira. Sipika imodzi ikamangidwa chotembenuza siipsa, koma imakoka pomwe inzake ikukankha, mafunde a mawu amafafanizana, ndiye besi imaphwa. Ambiri amakagula woofer ina pomwe akanangotembenuza waya.

Za magetsi

Magetsi a m'dziko muno ndi a 230V pa 50Hz, ndipo pulagi yathu ndi ya mano atatu amakona, yokhala ndi fyuzi m'kati. A ku South Africa ndi a 230V omwewo, koma pulagi yawo ndi ya mano ozungulira. Katundu wa ku Joni akafika, anthu amadula pulagi n'kusomeka mawaya mu soketi ndi timitengo ta machesi. Chonde, pulagi siidula ngati nyumba. Gulani, mumange bwino: wabulauni ku fyuzi, wabuluu ku neutral, wobiriwira ndi chikasu ku dzino lalitali la earth. Fyuzi ikapsa, ikani ina ya mlingo womwewo. Kukulunga ndi waya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu n'kuchotsa mlonda pakhomo.

Katundu wochokera ku America ndiye woopsa, chifukwa kumeneko magetsi ndi a 120V pa 60Hz. Werengani kachikwangwani ka kumbuyo musanalowetse kukhoma. Pakalembedwa 120V yokha, pafunika thiransifoma yotsitsa mphamvu. Mukangolowetsa, mwamwayi ipsa fyuzi, mwatsoka zonse. Zina zili ndi kaswitchi kosankhira mphamvu, kaikeni pa 220 kapena 240.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zounikira ndi magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse m'Malawi, ndiye n'zosadabwitsa kuti m'midzi yathu ma home theatre ambiri amalira ndi sola, batire ndi inivata. Inivata zotchipa zimatulutsa magetsi a mafunde amakona, otchedwa modified sine wave. Foni imatchaja bwinobwino, koma ampu imalira "zzzz" ndipo thiransifoma yake imatentha. Yoyenera ndi yolembedwa pure sine wave. Ngati ampu ikuzima besi ikagunda usiku, onani batire, mwina yatsika moti inivata ikudula.

Kulira kwa "huuu" kosalekeza, ngakhale nyimbo zitaima, ndi 50Hz ya magetsi yomwe yalowerera m'mawu. Zulani zingwe zolowa mu ampu chimodzi chimodzi mpaka kulirako kuleke. Kawirikawiri kumaleka mukazula cha dikoda, chifukwa waya wa ku dishi ndi ampu zakhudza nthaka pa malo awiri osiyana. Yesani kulowetsa TV, dikoda ndi ampu pa ekisitenshoni imodzi, ndipo zingwe za mawu zisayende limodzi ndi za magetsi. Tchaja yotchipa ya foni nayo imalowetsa phokoso. Wina akakuuzani kuti muthyole dzino la earth, mukaneni. Phokoso likhoza kutha, koma tsiku lomwe waya wamoyo adzakhudze chitsulo cha bokosilo, njira ya magetsi opita pansi idzakhala mwana wanu.

Mvula ikayamba mu Novembala, mphenzi za m'mapiri muno tonse timazidziwa. Kuzimitsa ndi rimoti sikuteteza kanthu. Mitambo ikamada, zulani pulagi kukhoma, muzulenso waya wa dishi ndi wa eriyo mvula isanafike. Magetsi akathima, zimitsani pa soketi, ndipo akabwera dikirani mphindi zingapo. TV guard imathandiza pa magetsi okwera ndi otsika, koma mphenzi yeniyeni siiletsa.

Mawu amodzi kwa ogula. Mukaona katoni yalembedwa 3000W PMPO ndi zilembo zikuluzikulu, tembenuzani makinawo muwerenge mphamvu yomwe amakoka kukhoma. Mwina mupeza 60W. Chinthu sichingamatulutse mphamvu yoposa yomwe chikulandira, paja tinaphunzira ku Fomu 3. Nambala yoti muikhulupirireko ndi ya RMS. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo ampu yaing'ono yokwezedwa mpaka mawu kusasa ndiyo imaotcha timasipika ta mawu opyapyala.

Mwana wopanda mlandu

Chomwe chimandipangitsa kulemba zonsezi si makina okha. Mayi wina wamasiye wa kumbali ya ku Malomo analandira home theatre kuchokera kwa mwana wake wa ku Joni, yemwe ndinamuphunzitsa. Inalira miyezi ingapo, kenaka inati zii. M'nyumbamo munali mdzukulu wa Sitandade 7, mwana wa malemu mchemwali wake wa mnyamatayo, ndipo poti ndiye ankadziwa kudina rimoti, mlandu wonse unagwa pa iye. Amalume ake ku Joni anapsa mtima pa foni, nati mwanayo akakhale kwa abambo ake, fizi ya ku sekondale asadzaiyembekeze. Mwamwayi anandiimbira kaye. Loweruka ndinakwera njinga yamoto kupita.

Ndinapeza mwanayo atakhala kuseri kwa nkhokwe, osafuna kulowa. Ndinati, "Iwe, bwera udzandigwirire tochi." Tinayesa FM, zii. Nyali za ampu zinkayaka bwinobwino, Protect panalibe. Tinayesa masipika ndi batire kumapeto kwa mawaya, ku mbali ya ampu, palibe yomwe inayankha. Tinayesa pa masipika penipeni, onse anati phu. Ndinamufunsa mwanayo kuti, "Ndiye vuto lili pati?" Anaganiza pang'ono n'kuti, "Pakati, m'mawaya." Tinasuntha kabati. Mawaya onse anadutsitsidwa pamodzi kuseri kwake, pafupi ndi matumba a mtedza, ndipo makoswe anali atawatafuna mpaka kuduka. Ndinawaitana amayi aja kuti adzaone okha. Anayang'ana, anagwira pakamwa, n'kuti, "Aphunzitsi, ndiye mwanayu tamulakwira." Tinadula potafunidwapo, tinalumikiza, tinakulunga ndi tepi, kwaya inayamba kuimba. Madzulo omwewo amalume anaimba foni n'kupempha kulankhula ndi mphwawo. Mwanayo sanachoke pakhomopo.

Ntchito yonse inatenga theka la ola, ndipo zida zake zinali batire, mpeni ndi tepi. Ndimadzifunsa kuti ndi ana angati m'midzi yathuyi amene anamenyedwa, ndi apongozi angati amene anasiya kulankhulana, chifukwa cha khoswe kapena batani la Mute.

Nthawi yopita kwa okonza

Sindikunena kuti zonse mungakonze nokha. Ngati mwamva fungo la chopserera, ngati fyuzi yatsopano yapsanso nthawi yomweyo, ngati Protect ikubwerabe masipika onse atachotsedwa, kapena munalowa madzi, zulani kukhoma muinyamule. Musatsegule bokosi. M'katimo muli makapasita akuluakulu osunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Amisiri odziwa alipo, ku Mponela, ku Madisi, pa boma la Dowa ndi la Ntchisi, ngakhale ku Dzaleka, simuyenera kuthamangira ku Lilongwe nthawi zonse. Mukapita, lembani nambala ya makina anu, muwauze zomwe mwayesa kale, mugwirizane mtengo asanayambe, ndipo mupemphe kuti chomwe achotsa akubwezereni. Mmisiri wabwino amakondwa ndi munthu wonena kuti, "FM ikumveka, koma HDMI yokha ndiyo yafa chigwereni mphenzi." Mwamuchepetsera ntchito, inunso mwadzichepetsera mtengo.

Kwa inu ana anga otumiza katundu kumudzi, ndikupempha tinthu tochepa. Yesani makinawo komweko musanapakire. Matani kapepala pa chingwe chilichonse, mulembe m'Chichewa komwe chikulowa. Jambulani kumbuyo kwa ampu zonse zitalumikizidwa, chithunzicho mutumize kwa wachinyamata wa pakhomopo. Ikanimo pulagi yathu ya mano amakona. Ndipo tsiku lomwe adzakuimbireni kuti yasiya kulira, yambani mwafunsa ngati wailesi ikumveka, musanafunse kuti anagwira ndani.

Kwa inu aphunzitsi anzanga, makamaka a m'ma CDSS omwe labu yake ndi katoni imodzi ya mu ofesi ya ahedi, ampu ndi masipika ndi labu yokwanira. Series ndi parallel zilimo, maginito ndi koyilo zilimo, mafunde a mawu alimo, fyuzi ndi earth zilimo. Ine ndimabisa vuto limodzi, mwina kumasula waya, mwina kusintha Input, n'kuuza gulu la ana kuti alipeze ndi kulemba zomwe ayesa motsatana. Atsikana muziwapatsa sikuludiraiva poyamba, chifukwa anyamata amathamangira kulanda. Ana omwe amagona pa masamu a ma ohms amadzuka nyimbo ikangobwerera m'sipika. Mwana wotere akabwerera kumudzi, ngakhale mayeso asanamuyendere bwino, amakhala ndi kanthu m'manja komwe anthu angamuitanire.

Amene muli ndi ampu yakale yomwe inangoikidwa pansi pa bedi, musaitaye. Kaperekeni ku sukulu yomwe munaphunzira, ana akaphunzirirepo, ndipo musadabwe akakuimbirani kuti yayamba kulira. Moni kwa onse a kwanuko. Mukamadutsa kuno kumapiri mudzatipeze, mtedza ulipo, makoswe sanamalize.

Ndine wanu,
Mphunzitsi wa Physics